Munagwapo ndi ngongole, lero mukufuna kuthandiza mwana kugula nyumba

Ku Salima kuno anthu amagwa m'njira zodziwika. Wina anakongola ku banki kuti apikule mpunga ku Lifuwu, mtengo n'kutsika asanagulitse. Wina lole yake inagubuduzika pa msewu wa ku Lilongwe inshuwalansi itatha. Wina anali ndi maboti ku Senga Bay, injini n'kubedwa, katapila n'kudzamaliza zotsala. Masherifu akafika amanyamula zooneka ndi maso: chigayo, galimoto, firiji, mipando ya pabalaza. Ana amaonerera zonsezo ali pakhomo, ndipo saiwala.

Patapita zaka, ena mwa anthuwa amadzukanso. Amayamba ndi kaokala, kapena kugula soya ndi mtedza pang'onopang'ono, mpaka ndalama n'kuyambanso kukhala m'thumba. Chinthu choyamba chomwe ambiri amachilakalaka sichikhala chawo ayi. Amafuna kuti mwana amene anasiyira sukulu panjira, kapena amene anaphunzira movutikira nthawi ya mavuto ija, akhale ndi pake pogona. Cholinga n'chabwino. Koma munthu amene anagwapo sapereka mphatso ngati mmene amaperekera munthu wina aliyense, chifukwa kumbuyo kwake kumakhala anthu omwe angathe kuitsatira mphatsoyo.

## Funso la pakhonde

Bambo wina wa mbali ya ku Kamuzu Road, amene kale ankapikula chimanga, anasonkhanitsa K8 miliyoni yoti mwana wake wamkazi, mphunzitsi wa ku sekondale, aperekere dipoziti ya nyumba ya K28 miliyoni. Tsiku lokambirana anakhala pakhonde pa mwini nyumbayo: bamboyo, mwanayo, atsibweni ake a mwanayo, wogulitsa ndi dobadoba amene anawalumikiza. Mtengo anagwirizana. Atafika pa nkhani ya dzina loti lilembedwe pa chikalata, bamboyo anati lilembedwe la mwana, koma mapepala onse azisunga iyeyo, ndipo chipinda cha kuseri chikhale chake chosungiramo matumba. Anaonjezanso motsitsa mawu kuti dzina lake lisaoneke paliponse, ngakhale pa risiti, poti pali anthu ena akale omwe akamva kuti wagwira ndalama adzabwera.

Mwanayo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, ndimve bwinobwino. Nyumbayi mukundipatsa, kapena mukungondisungitsa?"

Atsibweni anamudzudzula kuti mwana safunsa choncho pagulu. Koma funsolo linali m'malo mwake, ndipo ndi limene kholo lililonse lomwe linagwapo liyenera kuliyankha lisanatulutse tambala. Tsiku limenelo ndalama sizinaperekedwe. Zomwe zinatsatira ndi miyezi ingapo yofufuza ngongole zakale za bamboyo, ndipo zinapezeka kuti ziwiri zinali zikadali ndi moyo, imodzi ili ndi chigamulo cha khoti. Nyumba ija ikanagulidwa mwa njira yomwe iye ankafuna, mphunzitsiyo akanasenza ngongole ya K20 miliyoni ya ku banki pa nyumba yomwe ena akanatha kukaitchula kukhoti kuti ndi chuma chobisidwa.

## Ngongole yakale inatsekedwa, kapena inangokhala chete?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri omwe timati anagwa sanapite kukhoti kukagamulidwa kuti alephera kubweza ngongole. Katundu analandidwa, okongoza anatopa kuyendera, foni inasiya kulira, basi munthu n'kumaganiza kuti zinatha. Chonsecho katundu wolandidwa akagulitsidwa pa okushoni nthawi zambiri sakwana ngongole yonse. Pa ndalama zomwe zapezeka amayamba achotsa zolipira masherifu ndi maloya, zotsalazo n'kuchotsera ngongole, ndipo ngati pali kotsalira, kotsalako kamapitiriza kubereka chiwongoladzanja mwini wake ali phee kumudzi.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Lamulo limaika malire ndithu: ngongole wamba ya mgwirizano munthu ayenera kukaisumira zisanathe zaka 6, koma ngati khoti linagamula kale, chigamulocho chimakhala ndi mphamvu kwa zaka 12. Chinanso chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti mukalemba kalata yovomereza ngongoleyo, kapena mukaperekako kangachepe, kuwerenga zaka kumayambiranso. Ndiye musathamangire kukasaina chilichonse kwa wokongoza wakale musanaonane ndi loya. Amene alibe ndalama ya loya ayambire ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa nkhani za malamulo.

Gulu lachiwiri ndi la omwe nkhani yawo inadutsadi kukhoti, pansi pa lamulo la Insolvency Act la 2016, lokhudza olephera kubweza ngongole, kapena lamulo lakale lomwe linalipo lisanabwere limenelo. Munthu wotere, nthawi yonse yomwe khoti silinamumasule ku ngongolezo, chuma chake sichikhala m'manja mwake. Chimakhala m'manja mwa woyang'anira amene anaikidwa kuti agawire okongoza, ndipo ngakhale chuma chomwe wachipeza pambuyo pa chigamulo chikhoza kulowa momwemo. Kupereka mamiliyoni kwa mwana pa nthawi imeneyo ndi kupereka zinthu za eni. Chofunika ndi pepala losonyeza kuti munamasulidwa. Ngati mulibe, kaliitanitseni kukhoti komwe kunali mlandu wanu, ndipo musadalire zongokumbukira.

Magulu onse awiriwa lamulo limawakhudza pa mfundo imodzi: khoti lili ndi mphamvu yobweza mphatso yomwe munthu wapereka ali ndi ngongole zomwe sakutha kubweza, makamaka ikaoneka kuti cholinga chinali kuzemba okongoza. Mphatso yopita kwa mwana kapena mkazi ndiyo imakayikiridwa msanga. Woweruza amayang'ana zinthu zapafupi: ndani akusunga mapepala, ndani akutolera lendi, ndani akulipira madzi ndi magetsi, ndani amene anthu oyandikana nawo amamutchula kuti mwini nyumba. Zomwe bambo uja ankapempha pakhonde paja, kusunga mapepala, kutenga chipinda, kubisa dzina, ndi zizindikiro zenizeni zomwe loya wa wokongoza amazifunafuna.

Ntchito yofufuza ngongole zakalezi ndi yotopetsa koma si yovuta. Lembani pa pepala aliyense amene munamukongola nthawi ija: banki, SACCO, kampani yomwe inakupatsani katundu pa ngongole, MRA, antchito omwe sanalandire malipiro, banki m'khonde, ngakhale mlamu wanu. Pitani ku Credit Data kapena TransUnion, mabungwe omwe amasunga mbiri ya ngongole za anthu, mukatenge lipoti la dzina lanu. Kwa aliyense amene munamaliza naye, pemphani kalata yonena kuti simukumusungira kanthu. Kwa amene simunamalize naye, kambiranani kudzera mwa loya. Mabanki ambiri amalola kuchotsera chiwongoladzanja chochuluka pa ngongole yomwe anaitaya kale mtima, malinga ndalama ikubwera kamodzi. Koma kalatayo inene momveka kuti ndalama mwaperekayo yatseka ngongole yonse. Risiti yongoti "talandira K1.5 miliyoni" sikutseka kanthu.

N'zotheka kuti pa K8 miliyoni ija patsala K5 miliyoni. Zimawawa. Komabe K5 miliyoni yopanda woitsatira imamanga nyumba yomwe mwana angagonemo tulo.

## Ndalama iyende poyera

Munthu amene analandidwapo katundu amaopa banki, ndipo m'pomveka. Ambiri amasunga ndalama m'matumba a soya, mu ng'ombe, kapena m'chikwama kuchipinda. Vuto limabwera tsiku lomwe mphunzitsi amene amalandira malipiro odziwika mwezi ndi mwezi wafika pa kauntala ndi mamiliyoni m'jumbo. Pansi pa lamulo la Financial Crimes Act la 2017, mabanki amakakamizidwa kufunsa komwe ndalama zachokera, ndipo zokayikitsa amazinena ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lofufuza ndalama zokayikitsa. Kugawa ndalamazo m'timagawo kuti zilowe pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba sikuthandiza. Kumangoonjezera chikayiko, kuphatikizapo ndalama zomwe mumadulidwa potumiza ndi potapa.

Njira yabwino ndi yakuti ndalama ziyambe zalowa mu akaunti ya kholo, pamodzi ndi umboni wa komwe zachokera: malisiti ogulitsira mbewu, kalata yogulitsira ng'ombe yosainidwa ndi mfumu, kalata ya penshoni. Zikhalemo miyezi ingapo kuti zioneke pa sitetimenti. Kenako zichoke kamodzi, kuchoka ku akaunti ya kholo kupita ku akaunti ya mwana, kapena ku akaunti ya loya amene akuyendetsa zogulazo.

Payenera kukhalanso kalata ya mphatso. Tsamba limodzi limakwana. Likhale ndi mayina onse monga alili pa chiphaso cha unzika, manambala a ziphasozo, kuchuluka kwa ndalama m'manambala ndi m'mawu, tsiku, nyumba kapena puloti yomwe ikugulidwa, ndi mawu atatu ofunika: kuti iyi ndi mphatso, kuti siidzabwezedwa, ndi kuti woperekayo sadzakhala ndi gawo pa nyumbayo. Isainidwe pamaso pa loya kapena Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu. Banki yomwe ikukongoza mwana imafuna kudziwa zimenezi chifukwa ngati dipozitiyo ndi ngongole ina yobisika, ndiye kuti malipiro a mwanayo ali ndi pakamwa pena podyetsa.

Ngati mumtima mukudziwa kuti mudzafuna ndalamazo zibwere, musalembe kuti ndi mphatso. Lembani kuti ndi ngongole, ndi ndondomeko ya kabwezedwe kake, ndipo mwana akaiulule ku banki. Mabanja ambiri amadana chifukwa pa pepala panalembedwa zina, m'mitima muli zina.

Ndipo kholo lomwe linagwapo lisalole kusaina ngati woimira mwana pa ngongole, kapena kupereka nyumba yomwe likukhalamo ngati chikole. Mbiri ya ngongole ya kholo siimata pa mwana ngati mwanayo akukongola payekha. Imayamba kumukhudza dzina la kholo likalowa pa fomu. Komanso zinthu zikavuta, nyumba ziwiri zimapita limodzi.

## Dipoziti si mapeto a ndalama

Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amakongoza anthu wamba poyang'ana pamenepo. Tiyerekeze kuti mwana wakongola K20 miliyoni pa 30 peresenti, yobweza zaka 15. Mwezi uliwonse azipereka pafupifupi K506,000. Mwezi woyamba, K500,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo ngongole yeniyeniyo yatsika ndi K6,000 yokha. Pomaliza zaka 15 adzakhala atapereka ndalama zoposa K90 miliyoni. Kholo lingathe kupereka dipoziti ndi mtima wonse, koma n'kukhala kuti lamulowetsa mwana m'dzenje lofanana ndi lomwe ilo linatulukamo. Musanasangalale kuti banki yavomera, khalani pansi ndi pepala la malipiro a mwanayo, muone zomwe zimatsala akadula msonkho, penshoni ndi ngongole zina zomwe ali nazo kale.

Pa chiwongoladzanja chomwecho, K1 miliyoni iliyonse yomwe mwaonjezera pa dipoziti imachepetsa pafupifupi K25,000 pa mwezi. Nthawi zina nzeru ndi kugula nyumba yaing'ono yomwe dipoziti yanu ikukwana theka la mtengo wake.

Chinanso, banki siyang'ana mtengo womwe mwagwirizana ndi wogulitsa. Imatumiza katswiri wake kukayesa mtengo wa nyumbayo, ndipo imakongoza gawo la mtengo umenewo. Nyumba ya K28 miliyoni katswiri akaiyesa K24 miliyoni, banki n'kunena kuti ipereka 80 peresenti, ndiye kuti ikupereka K19.2 miliyoni. Dipoziti yofunika yakwera kufika K8.8 miliyoni. Pamwamba pake pali stamp duty, msonkho wosinthira dzina pa chikalata, ya 1.5 peresenti, yomwe pa K28 miliyoni ndi K420,000, malipiro a loya, a katswiri uja, inshuwalansi ya nyumba ndi ya moyo, ndiponso ndalama yomwe banki imadula pokonza ngongole. Wogulitsa naye ayenera kupeza chikalata cha MRA chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, apo ayi kusintha dzina kumaima. Pa ndalama zomwe mwakonza, patulani gawo la zimenezi musanalonjeze wogulitsa chilichonse.

## Nyumba zambiri za kuno banki siziwerengera

Zonse zili pamwambazi zikunena za nyumba ya lizi kapena ya chikalata cholembetsedwa ku Unduna wa za Malo. Kunena zoona, nyumba zambiri zomwe zimagulitsidwa ku Salima zilibe zimenezo. Zili pa malo a mafumu, ndipo umboni wake ndi kalata ya anyakwawa yokhala ndi chidindo. Banki sitenga kalata imeneyo ngati chikole. Zikatero, chomwe tikuchitcha dipoziti chimakhala ndalama yoyamba yopereka kwa wogulitsa, zotsala n'kumalipira pang'onopang'ono, kapena ndalama yogulira puloti n'kuyamba maziko.

Apa ndalama zimatayika mosavuta kuposa ku banki. Achewa ndi Ayao a kuno malo amayendera mbumba, ndipo amene akugulitsa kawirikawiri amakhala mmodzi mwa eni ambiri. Mwamuna wa chikamwini akhoza kukuonetsani nyumba yomwe anamanga ndi thukuta lake, koma dothi lili pansipo ndi la akuchikazi. Musapereke ndalama musanakhale pansi ndi mwini mbumba ndi alongo ake a wogulitsa, anyakwawa ndi agulupu alipo, onse n'kusaina. Funsaninso oyandikana nawo mbali zonse zinayi, padera, dobadoba palibe. Malamulo a malo anasintha mu 2016, n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo anakhwimitsa kagulitsidwe ka malo a makolo ndi malo opanda chitukuko. Choncho kafunseni kwa woona za malo ku khonsolo ngati malo mukufunawo angagulitsidwe n'komwe, ndi ngati sali m'dera lomwe linakonzedwera msewu, njanji kapena mapaipi a madzi.

Ikakhala ya lizi, kafufuzeni ku kaundula wa malo ku Lilongwe. Muone dzina la mwini, zaka zomwe zatsala pa liziyo, ngati ground rent, lendi ya malo yomwe amalipira ku boma, inalipidwa, ndi ngati nyumbayo siinaperekedwe kale ngati chikole kwina. Saveya akatsimikize kuti mabikoni, zizindikiro za malire, ali pomwe mapu akunena. Kusamutsa lizi kumafuna chilolezo cha boma, ndiye mgwirizano wanu unene kuti chilolezo chikakanika, dipoziti ibwezedwa yonse pofika tsiku lakutilakuti. Ndalama yaikulu isungidwe kwa loya mpaka mapepala atayenda.

Kenako dothi lenilenilo. Nyanja itakwera mu 2024, nyumba zambiri za m'mphepete zinalowa madzi, zina zomangidwa ndi ndalama zochuluka zedi, ndipo chaka chomwecho madzi osefukira anaononga kwambiri ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Puloti yomwe mwaiona mu Okutobala ili gwaa ikhoza kukhala dambo mu Febuluwale. Kaoneni malowo nthawi ya mvula, kapena yang'anani mzere wa chinyontho pa makoma a nyumba zoyandikana. Dothi lakuda la makande, lomwe lili m'malo ambiri otsika a Salima, limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo limathyola maziko wamba. Pamafunika kukumba mozama, kuika zitsulo m'maziko ndi bimu, zomwe zimadya simenti yambiri. Puloti yotchipa ya pa makande imadzakhala yodula pomanga.

Ngati njira ndi yomanga, musasunge ndalama nthawi yaitali podikira kuti zikwane zonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi ndalama ya malata m'chikwama anadzuka ikugula ochepa. Gulani zomwe sizionongeka: malata, zitsulo, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabuloko. Simenti yokha musaunjike, chifukwa ndi chinyezi cha kunyanja kuno imauma m'matumba pakangopita miyezi yochepa. Malisiti onse alembedwe dzina la mwana. Ndalama zomwe zikudikira mapepala zikhale ku fixed deposit, akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yoikika, kapena ku Treasury bills, komwe mumakongoza boma kwa masiku 91 kapena 182, kuti ziziberekako.

## Mkamwini, mpongozi ndi ana enawo

Ngati mwana ali pabanja, nkhani ya dzina ikambidwe poyera. Ndalama ya makolo ikamangira nyumba pamudzi pa akuchikazi, mwana wamwamuna banja likatha amachoka ndi chikwama chokha. Ikagula nyumba m'tauni, ndipo awiriwo n'kumabweza limodzi ngongole ya ku banki, khoti pogawa katundu limaona zomwe aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo ndi kulera ana. Kalata ya mphatso ija imathandiza kusonyeza kuti dipoziti inachokera kuti ndipo inapatsidwa kwa yani. Ngati mukupatsa onse awiri, lembani onse awiri. Ine ndimaona kuti kubisira mkamwini kapena mpongozi n'kulakwitsa, poti iyeyo ndi amene azidzagona ndi njala mwezi womwe banki yadula K506,000.

Ana enawo nawonso anavutika nthawi ya masherifu ija. Mmodzi akalandira K8 miliyoni mwakachetechete, enawo amadzamva pa maliro, ndipo pamenepo amati nyumbayo inali ya bambo, inangolembedwa dzina la mchemwali. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse, koma silingawauze zomwe malemu ankaganiza. Aitaneni onse mukadali moyo, muwauze kuchuluka kwa ndalama ndi chifukwa chake. Mu wilo mulembe ngati mphatsoyo idzawerengedwe pa gawo la mwanayo kapena ayi.

Chotsiriza n'cha kholo lenilenilo. Munthu amene anagwa ali ndi zaka 45 n'kudzuka ali ndi zaka 60 nthawi zambiri alibe penshoni, ndipo mpamba wa bizinesi yake ndiwo chakudya chake cha ukalamba. Pa ndalama zomwe zilipo, yambani mwachotsa mpamba wogulira mbewu nyengo ikubwerayi, ndalama ya feteleza, ya mankhwala a shuga kapena BP a chaka chathunthu, ndi yokonzera denga la nyumba yomwe mukukhalamo. Zomwe zatsala pamenepo ndizo mungalembe pa kalata ya mphatso. Zikakhala K3 miliyoni, mwana ayambe ndi puloti ndi maziko, makoma adzakwera ndi malipiro ake.